Kwa mdzukulu wanga ku Glen Norah: yamba ndi dzanja lamanzere

Mdzukulu wanga,

Amayi ako andiuza pa foni kuti wapeza kiyibodi yakale ndipo mtima wako wonse uli pa boogie woogie. Ndakondwa. Koma tchera khutu, chifukwa achinyamata ambiri mumathamangira zokometsera za dzanja lamanja.

Mwini nyimbo imeneyi ndi dzanja lamanzere. Inabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, m'misasa ya odula mitengo ndi omanga njanji cha ku Texas, m'malo omwera mowa momwe munkakhala piyano imodzi yokha, popanda ng'oma kapena besi. Munthu mmodzi ankayenera kuvinitsa chikhamu, ndiye dzanja lamanzere linasenza ntchito ya zida zosowazo. Funa Honky Tonk Train Blues ya Meade Lux Lewis, yomwe anaijambula mu 1927, umve mmene sitima ikugudubuzikira pansi pa nyimboyo. Dzina loti boogie woogie linatchuka ndi mbale ya Pinetop Smith ya 1928, ndipo mu Disembala 1938 Lewis, Albert Ammons ndi Pete Johnson anakaimba boogie woogie ku Carnegie Hall ku New York.

Kamangidwe kake nkosavuta. Pali zigawo 12, chilichonse cha kugunda kunayi: zinayi pa C, ziwiri pa F, ziwiri pa C, chimodzi pa G, chimodzi pa F, ziwiri zomaliza pa C, kenako kubwereza. Pa C zala zamanzere zikwere ndi kutsika motere: C, E, G, A, B flat, A, G, E. Manotsi asanu ndi atatuwa usawagunde mofanana. Loyamba litalikirepo, lachiwiri lifupike, nyimbo izikhala ngati ikutsimphina mokoma. Yamba pang'onopang'ono kwambiri, phazi likuwerenga pansi. Dzanja lamanja ulikhazike pa ntchafu kufikira tsiku limene udzathe kucheza ndi mlongo wako lamanzere likuyenda lokha osaphonya. Ukalowetsa lamanja, liyambe ndi kodi imodzi pa chigawo, basi. Zili ngati pabwalo la gule paja: ng'oma ya mbalule imalankhula zake momasuka chifukwa mpanje wagwira osagwedezeka.

Khutu uli nalo kale. Wakulira m'dera lomwe sungura imamveka m'kombi iliyonse, ndipo ukudziwa kuti Alick Macheso, amenenso bambo ake ndi akwathu ku Malawi, amavinitsa anthu ndi besi. Komanso usaganize kuti nyimbo zimangochokera kutsidya kubwera kuno. Skokiaan ya August Musarurwa inachoka ku Bulawayo, Louis Armstrong nkuijambula mu 1954.

Magetsi akathima usati ntchito yaima. Jambula makiyi pa katoni, zala ziziyenda pamenepo. Mkono ukayamba kuwawa pa mfundo ya dzanja, leka, upumule, chifukwa ndiye kuti ukuumitsa dzanja. Kiyibodi ya makiyi 61 ikukwanira poyambira, koma ndi yofewa. Piyano yeniyeni ili ndi 88 ndipo imafuna mphamvu m'zala. Ukapempha mwaulemu kutchalitchi kapena kusukulu komwe ilipo, uziikhudzako kamodzi pa sabata. Ngati ndalama zidzalola, ku Zimbabwe College of Music m'tauni kuli aphunzitsi.

Nyumba za kwanuko nzothithikana, ndipo ena amadzuka mbandakucha kukagwira ntchito. Kukada, vala mahedifoni.

Ukamaliza zigawo 12 zija katatu osapunthwa, ujambule pa foni unditumizire pa WhatsApp ya amalume ako. Upereke moni kwa amayi ako ndi ana onse.

Ndine,
Agogo ako