Tisafulumire Kuzula

Tsiku lina madzulo, ticokera ku munda, tinamva mfuu kuseri kwa nkhokwe. Mdzukulu wathu, posewera ndi anzake mivi ya masipoko a njinga, anali atalaswa pa tsaya, munsi mwa diso. Sipoko inali cizikike m'mnofu, magazi ali ocepa. Mtima unatiuza kuti tizule msanga, koma mai wina amene kale anagwirako nchito ku cipatala anatigwira mkono, nati: "Abambo, musazule. Mwina citsuloco ndico catseka mtsempha." Tinacirikiza sipoko ndi nsalu kuti isagwedezeke, ndi kuthamangira ku cipatala.

Kumeneko tinadandaula poona kuti adotolo ayamba ndi kujambula. Sitinadziwe kuti nkhope ndi malo opanikizana: maso, mitsempha ya magazi, njira ya mpweya ndi ubongo zili pafupi-pafupi. Bala laling'ono pa khungu siliulula kumene nsonga yafika.

Kuwala kwa X-ray, kumene Wilhelm Röntgen anatulukira ku Germany mu 1895, kumaonetsa bwino citsulo ndi mafupa. Amajambula kawiri, kutsogolo ndi cam'mbali, pakuti cithunzi cimodzi sicinena kuya kwake. Makina a CT scan, amene Godfrey Hounsfield anapanga ndipo anayamba kujambula odwala ku London mu 1971, amaonetsa mutu m'magawo opyapyala, monga buledi wodula-dula. Akathira mankhwala m'mtsempha, amaonanso ngati mtsempha waukulu wabooka. Koma mtengo umabvuta: pa X-ray kawiri-kawiri suoneka, ndipo pa CT mtengo wouma ungaoneke ngati mpweya cabe. Makina a MRI ali ndi maginito amphamvu amene angasunthe citsulo cotsalira m'thupi. N'cifukwa cake tiyenera kuuza adotolo zoona za cimene calasa munthu, ngakhale nkhaniyo ikhale yocititsa manyazi, monga ndeu ya pa mowa kapena ya m'banja.

Zithunzi za mdzukulu wathu zinaonetsa nsonga itaima pafupi ndi diso. Anaicotsa m'cipinda ca opaleshoni, atakonzekera kuletsa magazi. Lero mwanayo akuwerenga ndi maso onse awiri, ndipo tikaona kacipsera kake timakumbukira mmene cikondi cathu cothamanga cikanamupwetekera.

Makolo anzathu, akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana akalaswa kumaso, ticirikize colasaco, tisamupatse cakudya kapena cakumwa, ndipo timunyamule mwamsanga. Kuzula tisiyire amene ayamba aona za m'kati.