Botolo Lisathamangire ku Dzala

Ana ena a ku Gambia anayamba ndi chifuwa ndi kutentha thupi, matenda omwe mayi aliyense amawadziwa. Anamwetsedwa mankhwala amadzi otsekemera, ndipo patangopita masiku ochepa anasiya kukodza. Impso zinali zitaleka kugwira ntchito. Mu 2022 ana pafupifupi 70, ambiri osakwana zaka 5, anamwalira motero. Pa 5 Okutobala chaka chomwecho bungwe la WHO linachenjeza maiko za mitundu 4 ya mankhwala a chifuwa a kampani ya ku India ya Maiden Pharmaceuticals. Munali diethylene glycol ndi ethylene glycol, poizoni yemwe malo ake ndi m'mafuta a mabuleki ndi m'madzi oziziritsa injini.

Chimene chimandikhalitsa pansi pa nkhaniyi ndi zomwe makolo anachita maliro atatha. Boma linapereka ndalama zoti mabanjawo agawane, ena anazikana, nati n'chipongwe. Mu 2023 mabanja 19 anakasuma ku khoti lalikulu ku Banjul. Sanasumire kampani yopanga yokha ayi. Anaphatikizapo kampani imene inaitanitsa mankhwalawo, bungwe loyang'anira mankhwala, ndi unduna wa zaumoyo, kufuna chipukuta misozi cha madalasi 15 miliyoni pa mwana aliyense. Mfundo yawo inali yakuti botolo lisanafike pakamwa pa mwana limadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse liyenera kuyankhapo.

Makhoti sagamula mofanana. Ku Uzbekistan, komwe ana 68 anafa ndi mankhwala a kampani ina ya ku India, khoti mu 2024 linapeza anthu 23 olakwa n'kulamula kuti banja lililonse loferedwa lilandire ndalama zokwana pafupifupi madola 80,000. Ku Indonesia ana oposa 200 anafa, koma khoti la ku Jakarta linalamula makampani awiri kupereka ndalama zosafika n'komwe madola 4,000 pa mwana, boma n'kutuluka lopanda mlandu. Kaya oweruzawo anagona tulo usiku umenewo, kaya.

Ine phunziro ndalipeza pa umboni. Ku Gambia poyamba ankaganizira madzi oipa a kusefukira kwa mitsinje. Dzikolo linalibe labotale yoyezera mankhwala, moti mabotolo anachita kutumizidwa kunja. Ngakhale zotsatira zitabwera, boma la India linatsutsa, linati kwawo anayeza sanapeze kanthu. Akanapanda kupezeka mabotolo enieniwo, okhala ndi dzina la kampani ndi nambala zake, makolo aja akanangouzidwa kuti pepani, ndi mliri.

Nanga ife timatani? Mwana akatisiya timasesa m'nyumba, botolo n'kupita kudzala, kapepala kapulasitiki kolembedwa 1x3 kaja n'kukolezera moto. Buku la kuchipatala lija, momwe adokotala analemba kulemera kwa mwana pasikelo, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, limasowa m'chipwirikiti cha pasiwa. Chonsecho zolakwika zambiri za mankhwala a ana zimagona pomwepo: mlingo wa mwana umayendera makilogalamu ake, ndiye kungophonya kadontho kamodzi polemba, 1.0 kukhala 10, mwana walandira mankhwala kakhumi. Loya sangayambe mlandu ndi misozi yokha. Amafuna bukulo, botololo, tsiku ndi ola limene mwana anamwa, ndi dzina la amene anapereka.

Pena timadzimanga tokha ndi mawu akuti chinali chifuniro cha Mulungu. Sindikutsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu, koma mawu amenewa amatonthoza wolira n'kupulumutsanso wolakwa. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti mwana wapatsidwa chiyani, chifukwa chiyani, komanso wochuluka bwanji. Kuno ku Malawi dandaulo lokhudza dokotala limapita ku Medical Council of Malawi, lokhudza mankhwala ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wosowa ndalama ya loya angathe kukagogoda ku Legal Aid Bureau. Komatu nthawi yokasuma ili ndi malire ake m'malamulo, sidikira kuti mtima uyambe wapola.

Chovuta kuposa zonse ndi kupima thupi. Anamfedwa amafuna maliro anyamuke msanga, akuluakulu amati mwana asang'ambidwe, wavutika kale. Ndimawamvetsa. Koma pa imfa yokayikitsa, kuyeza kumeneko nthawi zina ndi mboni yokhayo imene khoti lingamvere, ndipo chisankhocho chimagwera bambo ndi mayi pa tsiku limene sangathe n'komwe kuimirira.