Ndalama za Amalume ndi Fyuzi ya 15A

Amalume amayendetsa Sienta pakati pa Kawale ndi m'tauni. Ankadandaula kuti achinyamata akuthamangira galimoto za anzawo poti yawo inali zii, ngati yonyamula maliro. Popeza pakhomo pathu "wasukulu" ndine, anandipatsa ndalama zimene anasunga kwa milungu itatu kuti ndikawagulire ampulifaya ndi masipika ku Malangalanga.

Maso anga anagwera pa ampulifaya yonyezimira yolembedwa 3000W. Ndili pafupi kulipira, bambo wina wokonza mawailesi anandikodola. "Mphwanga, tembenuza uone fyuzi." Inali ya 15A. Anandiwerengetsa ngati mwana wa pulayimale: batire la galimoto ndi la 12V, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 15 ndi mawati 180 basi, enanso mwa amenewo amangothera kutentha. Nambala yaikulu ija ndi nyambo. Yodalirika ndi ya RMS, imene amaibisa m'tizilembo ting'onoting'ono.

Ndinagula yakale, yokalikakalika, ya mawati 50 RMS mbali iliyonse, ndi masipika awiri a maomu 4. Bamboyo anandichenjezanso kuti ndisadzaunjike masipika mbali imodzi. Awiri a maomu 4 ukawalumikiza pamodzi, wofiira kwa wofiira, amatsikira pa 2, ampulifaya yosalimba n'kupsa.

Amalume ataiona anakwinya nkhope. "Iwe, ndalama zanga wagulira chiphakasa?" Usiku umenewo tulo sindinatione.

M'mawa tinailumikiza, n'kuika nyimbo za Black Missionaries. Anamvetsera, nakweza pang'ono, nakwezanso. Kenaka anandifunsa ngati chenji chinatsala.