Zikwangwani za Sukulu pa Msewu wa ku Mangochi

Munthu akakwera minibasi pa Liwonde kulowera ku Mangochi, kudzera pa Ulongwe, chimene maso ake amakumana nacho kawirikawiri, kupatula milambe ndi mizikiti, ndi zikwangwani za sukulu zolipira. Zina n'zatsopano, zina utoto unasuluka kale. Lonjezo lake ndi limodzi: Chingerezi, ndi kusankhidwa kupita ku sekondale.

Kale zikwangwanizi sizinali zambiri chotere. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, makamaka kwa ife a kunyanja amene makolo athu ankazemba sukulu za mishoni poopa kuti ana asiya Chisilamu. Koma aphunzitsi ndi zipinda zophunziriramo sizinakwane. Pamenepo ndi pamene sukulu zolipira zinapezera msika.

Tsono abale ndi alongo, kodi ndalama imeneyi imabwerera? Tsikani pa boma, chakufupi ndi mlatho wa pa Shire, mulowe m'sukulu ziwiri kapena zitatu. Mupeza ina ili ndi ana ochepa m'kalasi, mphunzitsi akuchonga kope la mwana aliyense, ndipo akumudziwa ndi dzina lomwe. Kumeneko, kunena zoona, ndalama silowa m'madzi. Koma mupezanso ina imene kale inali golosale: zenera limodzi, chimbudzi chimodzi, aphunzitsi osapita ku koleji amene amasinthasintha teremu iliyonse kaamba koti malipiro sawaona. Chowala ndi tayi yokha. Bambo ali ku Joni akaona chithunzi cha tayiyo pa WhatsApp amangotumiza ndalama, osafunsa kuti mwanayo akutha kuwerenga kapena ayi.

Mayeso a Sitandade 8 ndi amodzi dziko lonse, ochokera ku MANEB. Choncho musakhutire ndi mawu akuti "onse anakhoza". Funsani kuti analemba angati, anasankhidwa angati, ndipo anapita kuti. Sukulu zina zimabweza ana ofooka mu Sitandade 7 pofuna kuti zotsatira zioneke zokongola pa chikwangwani.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mwana wamkazi. Ndalama ya usipa ikakwanira mwana mmodzi yekha, kawirikawiri wolipiriridwa amakhala mnyamata. Mlongo wake amatsala ku sukulu ya boma wopanda ngakhale kope, pamene fizi ya teremu imodzi ikanagulira onse awiri mabuku, nsapato ndi nyali yasola yowerengera usiku.