ULENDO WANGA WA KU PORT NOLLOTH: ANTHU OBIRA M'MADZI OZIZIRA

Anzanga a m'migodi, ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golidi kufupi ndi Carletonville. Mwezi wa July nditalandira chuthi ndinanka kukaona mnzanga amene tinali kugona naye komponi imodzi, koma tsopano agwira nchito pa boti la daimondi ku Port Nolloth, ku gombe la kumadzulo. Ndifuna kukuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa.

Ulendo wace ngwautali zedi. Munthu apyola Upington ndi Springbok, nakhota pa Steinkopf, natsika phiri kulowa m'cipululu ca mcenga makilomita ngati 90. Mudziwu unayamba monga doko la mkuwa wa ku Okiep, ndipo njanje yace yaing'ono, imene ngolo zace zinali kukokedwa ndi nyulu, inatha kumangidwa mu 1876. Lero njanjeyo kulibe. Cimene cisunga anthu kumeneko ndi daimondi amene mtsinje wa Orange unakokolola kalekale kucokera kumtunda, ndipo ena agona m'timiyala pansi pa nyanja. M'mawa nkhungu iphimba zonse, ndipo belu loyandama pakhomo pa doko lingolira lokha ndi mafunde.

Ine ndinabadwira ku Nkhotakota, cotero ndinali kuyesa kuti madzi ndiwadziwa. Kwathu ngakhale nthawi ya mwera madzi satsika pa madigiri 20. Kuno ai. Nditaviika dzanja ndinaliturutsa msanga liri kuwawa ngati alimenya ndi ndodo. Madzi a Benguela akwera kucokera pansi peni-peni pa nyanja, ndipo kawiri-kawiri ali pakati pa madigiri 10 ndi 15 caka conse. Coipa ca nyengo yacisanu ndico cakuti munthu akabvuuka mphepo nayonso iri yozizira, palibe pootha dzuwa. Tsono madzi alanda kutentha kwa thupi msanga kuposa mpweya nthawi ngati 25.

Nanga akhalamo bwanji? Abvala cobvala ca mphira cothina thupi lonse, kucindikala kwace mamilimita 7, ndi cisoti, magolovesi ndi nsapato za mphira womwewo. Cobvalaci anacipanga Bwana Hugh Bradner wa ku California mu 1952. M'kati mwa mphirayo muli timabaluni ta mpweya tosawerengeka, ndipo ndito titsekereza cisanu. Madzi pang'ono alowa ndithu, koma thupi liwafunditsa. Cifukwa cace cobvala cokhwepa ncacabe, pakuti madzi atsopano angolowa ndi kuturuka. Bvuto lina ndi ili: pa mamita 10 kulemera kwa madzi kufinya timabaluni tija, cobvala cipyapyala, ndipo munthu azizidwa koposa.

Iwo obira ndi mabotolo a mpweya kumsana adalira cobvala cokhaco. Koma a daimondi akhala pansi maora angapo alikukoka paipi yaikuru yoyamwa timiyala, cotero mpweya wao ucokera m'boti, ndipo paipi ina yaing'ono itsitsa madzi ofunda a ku injini kulowa m'cobvala. Apa ndinaseka ndekha. Ku migodi yakuya ya kwathu ku Joni mwala utentha kuposa madigiri 50, ndipo ku Mponeng atsitsa ayezi kuti anthu asafe ndi kutentha. Kuno atsitsa madzi otentha!

Tsiku lina nyanja itadekha, kapitao wa boti, mkulu waimvi, anandilola kukwera nao. Asanabire onse anadya phala ndi tiyi wa shuga wambiri, natsira madzi ofunda m'zobvala zao. Mnyamata wina, msinkhu wanga womwe, anatsika. Ali pansi paipi yace ya madzi ofunda inaguluka, koma iye sananene kanthu. Anthuwa alandira gawo la daimondi amene apeza, ndipo masiku odekha ngowerengeka pa mwezi. Tsono anati apirire, popeza anali atafika pa timiyala tabwino.

Pamene anamkweza ndinacita mantha. Milomo yace inali yotuwa, zala zinakanika kumasula lamba wa ntobvu, ndipo analankhula ngati woledzera kacasu. Ine pofuna kuthandiza ndinaturutsa kabotolo ka bulandi kamene ndinali nako m'thumba la jekete, ndi kuyamba kumtikita miyendo.

Kapitao anandigwira mkono nati, "Leka, mnyamata iwe! Ufuna kumupha kodi?"

Ine ndinati, "Pepani bambo, ndimayesa mowa ufunditsa thupi."

Iwo anati mowa unyenga: utsegula misempha ya pakhungu, munthu amva ngati wafundidwa, koma kutentha kwa m'kati kuli kuthawa. Kutikita miyendo nako kubweza magazi ozizira ku mtima. Anambvula cobvala conyowaco m'kacipinda kopanda mphepo, nampukuta, namkulunga mabulangeti kuyambira kumutu ndi pacifuwa, namgoneka. Ananjenjemera kufikira mano kugundana, ndipo kapitao anati kunjenjemerako nkwabwino. Coopsa ndi pamene wozizidwa aleka kunjenjemera nafuna kugona tulo. Thupi la munthu likhala pa madigiri 37, ndipo likatsika kupyola 35 nzeru ziyamba kusokonezeka, mwini wace osazindikira. Atayamba kugwira kapu yekha ndi pamene anampatsa tiyi. Kusamba madzi otentha anamletsa kufikira madzulo.

Sanabirenso tsiku limenelo, ndipo anadandaula kwambiri za timiyala take taja. Kapitao sanamyankhe, anangotenga waya namanga paipi ija kawiri. M'mawa mwace mphepo inadzuka, maboti onse anakhala padoko, ndipo pamene ndinali kukwera galimoto ya ku Springbok anali asanaturukebe.