Kabati imayambira pa macheka

Dzana kunabwera mayi wina kushedi kwanga ku Mchesi atanyamula chitseko cha kabati ya kukhitchini. Anati anawapangira mnyamata wina pamtengo wotsika, koma chitsekocho chikukana kutsekeka. Nditachigundiza pa sikweya, ngodya inali yopotoka, ndipo m'mphepete monse melamine anali atabenthukabenthuka ngati wadyedwa ndi mbewa. Mtima unandipweteka. Bolodi labwinobwino alidula ndi macheka a m'manja litagonekedwa pa ndowa ziwiri, kenako n'kubisa zilondazo ndi tepi.

Ine bolodi ndimadulira pa macheka a tebulo lotsetsereka. Bolodi lathunthu, la mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, limagona phee patebulo, n'kumayenda nalo limodzi kupita kumano a macheka. Kuyeza ndi kulemba sindinena, aliyense amadziwa. Pamene pagona ntchito ndi pa kamacheka kakang'ono kamene kamakhala kutsogolo kwa macheka aakulu. Kamazungulira mosemphana ndi aakuluwo, n'kumalemba kamzere kunsi kwa bolodi, kozama milimita imodzi kapena mamilimita awiri. Mano aakulu akamatulukira kunsi amapeza khungu la melamine litadulidwa kale, choncho silibenthuka. Koma kamachekako kakangosunthira mbali imodzi, ngakhale pang'onong'ono ngati tsitsi, mbali inayo imabenthuka. Ndimatha theka la ola ndikukasuntha, kudula kachidutswa, kukatembenuza, kupapasa ndi chala, mpaka mbali zonse ziwiri zitasalala.

Kuleza mtima kumeneku ndinakuphunzira kwa madala amene anandilera pa ntchitoyi ku Ndirande. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kuyatsa makina. Yanga inali kusesa utuchi ndi kunyamula pulayiwudi wa ku Chikangawa. Lolemba lililonse m'mawa ankatenga chidutswa cha bolodi, n'kudula mbali zake zinayi motsatizana, mbali yodulidwa kumene n'kumaigundiza ku fensi, chitsulo chogundizapo bolodi podula. Kachisanu ankadula kathabwa kopyapyala, n'kukathyola pakati, n'kugundaniza nsonga zake ziwiri. Zikasiyana makulidwe, ndiye kuti fensi yapotoka, pakuti kudula kotereku kumakulitsa cholakwa kanayi. Ankandipatsa nsongazo kuti ndipapase nditatsinzina. "Mwana wanga, maso amanama, chala sichinama," ankatero. Tsiku lina ndinadula kachidutswa katapanikizika pakati pa macheka ndi fensi ya kumanja, ndipo kanauluka n'kuboola lata. Madalawo sanakalipe. Anangobweza fensiyo m'mbuyo kuti ithere macheka asanayambe, n'kundiuza kuti ndiyambirenso. Mpaka lero zala zanga zonse khumi zilipo.

Makasitomala ambiri izi saziona. Amafika ndi chithunzi cha pa Facebook, n'kumati, "Achimwene, kwa uje andiuza theka la mtengo wanuwu." Sadziwa kuti macheka a mano 96 amafuna kunoletsa, kuti mabolodi akukwera mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti magetsi akazima ndimagula mafuta a jenereta. Mayi aja tsopano alipira kawiri, chifukwa zitseko zonse zisanu ndi chimodzi za kabati yawo n'zofunika kudula mwatsopano.

Inu amene mukufuna kabati, musanafunse mtengo, pemphani mmisiriyo tepi yoyezera. Yezani chitseko chimene wapanga kale kuchokera ngodya ina kufika ngodya yopingasana nayo, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikafanana, mpatseni ntchito.