Owerenga anga ndimawapeza pa imelo

Ntchito yanga ndi yolemba mabuku, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa ntchitoyi ndi nyengo yachete imene imakhalapo pakati pa buku lina ndi linzake. Buku limatenga zaka kuti lipse. Pomwe lachiwiri likutuluka, munthu amene anakonda loyamba uja amakhala ataiwala dzina la mlembi, ndipo mlembiyo sadziwa n'komwe koti akamufunefune. Wogulitsa mabuku m'sitolo salemba dzina la wogula. Amazon imamudziwa bwino wogulayo, koma adiresi yake siipereka kwa mlembi. Wosindikiza amangotumiza chiwerengero cha mabuku amene agulidwa. N'chifukwa chake pa zida zonse zimene mlembi ali nazo lero, ine ndimaika patsogolo kalata ya pa imelo, yopita kwa anthu amene anapereka okha adiresi zawo kuti ndiziwalembera. Pokhapo m'pamene mayina a owerenga amakhala m'manja mwanga.

Ambiri amati anthu okutsatira pa Facebook kapena pa X ndi okwanira. Koma anthu amenewo ndi a kampani, ndipo kampaniyo ndi imene imasankha kuti mawu ako aonedwe ndi angati. Mu Januwale 2018, Mark Zuckerberg analengeza kuti Facebook iyamba kuonetsa kwambiri zolemba za abale ndi abwenzi, n'kuchepetsa za masamba a mabizinesi ndi a nyuzipepala. Amene anatha zaka akusonkhanitsa owatsatira anangodzuka mawu awo akufika kwa anthu ochepa, popanda kulakwa kulikonse. Mu Epulo 2023, Twitter (imene lero ndi X) inatsekereza kwa masiku angapo kufalikira kwa zolemba zolozera ku Substack, kampani yotumiza makalata a pa imelo, chifukwa cha kukangana kwa makampani awiriwo, kumene olemba analibe nako mbali. Google+ inatsekedwa mu 2019, ndipo anthu amene munthu anasonkhanitsa kumeneko anabalalika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Wina angayankhe kuti makampani otumiza makalata nawonso amafa, ndipo n'zoona. Twitter inagula Revue mu 2021 n'kuitseka mu Januwale 2023. Bulletin ya Facebook sinakwanitse ngakhale zaka ziwiri. Mailchimp inatseka TinyLetter, imene olemba ambiri ankaikonda, mu Febuluwale 2024. Komatu umboni umenewu uli kumbali yanga. Olemba amene anali pa Revue ndi TinyLetter anakopera mndandanda wa adiresi, n'kupita nawo kukampani ina, ndipo kalata yotsatira inafika kwa anthu omwewo. Zimatheka chifukwa imelo ilibe mwini: munthu wa Gmail amalemberana ndi wa Yahoo popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Choncho mlembi wanzeru amasunga mndandandawo pa kompyuta yake nthawi ndi nthawi, monga mmene amasungira zolemba za buku limene silinatuluke.

Luso lenileni lili pa zimene umaika m'kalatamo. Kalata imene imangoti gulani buku langa imatopetsa ikangofika kachiwiri. Imene anthu amaiyembekezera ndi imene nayonso ndi cholembedwa chokoma pachokha: mutu umene unachotsedwa m'buku ndi chifukwa chake unachotsedwa, zimene wapeza pofufuza nkhani, buku la mlembi wina limene lakugwira mtima. Kudyetsa owerenga pang'onopang'ono si njira yatsopano. Charles Dickens anatulutsa The Pickwick Papers mwezi ndi mwezi kuyambira mu 1836, ndipo owerenga ankachuluka nkhani ili m'kati. Mu 2021, Salman Rushdie anayamba kutumiza nthano yake yaitali chigawochigawo pa Substack, ndipo chaka chomwecho George Saunders anayambitsa Story Club, mmene amasanthula nthano zazifupi pamodzi ndi owerenga ake. Anthu awiriwa sankasowa wosindikiza. Chimene wosindikiza sangawapatse ndi mwayi wolankhula ndi wowerenga mwachindunji, iye n'kuyankha. Ine ndimaona kuti kalata imodzi pa mwezi, yofika pa nthawi yake, imaposa makalata anayi olembedwa mothamanga. Ndiponso adiresi ya munthu sumaiika pa mndandanda iye asanavomere, ndipo amene wafuna kuchoka umamulola achoke mosavuta, pakuti wowerenga wokakamizidwa sadzagula buku.

Dandaulo limene ndimalilemekeza ndi lakuti kalata imaba nthawi ya buku. Imabadi, ndipo mlembi amene makalata ake achuluka mpaka buku laima wasochera. Koma tsiku limodzi pa mwezi ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi maola amene amathera pa foni pofunafuna kuti anthu akuone. Ena amati makalata satsegulidwa n'komwe. Kuyambira mu 2013, Gmail imapatula makalata ooneka ngati otsatsa malonda n'kuwaika pambali, ndipo kuyambira mu 2021 Apple inachititsa kuti chiwerengero cha otsegula kalata chikhale chosadalirika. Zimenezi zimangotiphunzitsa kuti tisiye kuwerengera manambala amenewo. Muyeso wanga ndi anthu amene amayankha kalata, ndiponso amene amabwera ndi ndalama buku likatuluka.

Kwathu kuno funso limakula, chifukwa anthu ambiri amakhala pa WhatsApp, ndipo imelo amaitsegula pofunsira ntchito kapena malo asukulu basi. Sindikana kuti WhatsApp ndi yothandiza polengeza kuti kalata yatuluka. Koma mndandanda wotumizira uthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi umalekeza pa anthu 256, ndipo uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yako. Pa tchanelo cha WhatsApp, nambala za okutsatira suziona, choncho wabwereranso m'manja mwa kampani. Imelo ya mawu okhaokha sidya data yambiri, ndipo imafika chimodzimodzi kwa mphunzitsi wa ku Dedza ndi kwa Mmalawi wa ku Johannesburg kapena ku Leicester, amene buku la Chichewa sangalipeze m'sitolo ya kumene akukhala. Za kulipiritsa kalata, ine ndimati mlembi wakuno asayambire pamenepo. Substack imadula 10 peresenti ya ndalama za olembetsa, ndipo imalipira kudzera ku Stripe, imene sitsegulira akaunti anthu a m'mayiko ambiri a mu Africa. Kalatayo ikhale yaulere. Buku likatuluka, mlembi alembemo mtengo wake, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso njira imene bukulo lidzamufikire wogula.